Michael Akadali pa Chingwe

Mwezi wathawu ndinapita ku Chilomoni kukazonda a malume. Sitiroko inawafooketsa mbali ya kumanja chaka chatha, ndiye tsiku lonse amangokhala pampando wa pabalaza, kawailesi kali pambali. Nditawafunsa chimene ndingawabweretsere, ndinkaganiza kuti atchula shuga, sopo kapena mayunitsi. Iwo anangoloza kabati ya pansi pa TV.

"Mphwanga, undikonzereko chimbale cha Scofield chija. Ndinamva kuti anatuluka, koma ndikufuna ndidzionere ndekha."

Ndinaseka, koma ndinaona kuti iwo sakuseka.

Chimbalecho anagula mu 2012 kwa mnyamata wina wogulitsa pa tebulo ku Limbe, ine ndili Fomu 2. Ndi sizoni yoyamba ya Prison Break, sewero la ku America limene linayamba kuonetsedwa mu 2005. Michael Scofield akudzimangitsa dala kuti akatulutse mkulu wake Lincoln Burrows mu ndende ya Fox River asanaphedwe pa mlandu womunamizira, ndipo mapu a ndendeyo anawajambulitsa pathupi pake. Magawo onse 22 anawapanikiza pa chimbale chimodzi, moti nkhope zinkaoneka ngati zapakidwa phala. Koma chinali ndi chinthu china chapadera: mawu a mnyamata wotanthauzira m'Chichewa. Sikuti ankangomasulira ayi. Ankatukwana alonda a ndende, ankalangiza Michael, nthawi zina ankayamba nkhani yakeyake ya kukwera kwa mtengo wa chimanga pamene azungu pa sikirini akukambirana zina. A malume anasiyira sukulu Sitandade 6, ndipo chifukwa cha mnyamatayu ankamva chilichonse, mwinanso kuposa ine amene ndinkadzitama ndi Chingerezi changa cha ku sekondale.

Vuto linali pa gawo 21. Akaidi athyola zenera la chipatala cha m'ndende, akuwoloka mmodzimmodzi pa chingwe kupita ku mpanda. Ikafika nthawi ya Michael, chithunzi chimagawikana timabokosi, mawu amachita ngati munthu wantchito, kenako zii. Tinapukuta ndi malaya. Tinapaka mankhwala otsukira mano monga anatiuzira anzathu. Tinakayesa pa deki ya aneba. Palibe chinatheka. Kwa zaka zoposa khumi, m'nyumba ya a malume Michael wakhala ali lendee pa chingwe chija.

Ine monga mwana wamasiku ano, ndinaona ngati nkhaniyi ndi yaing'ono. Ndinatulutsa foni, ndinagula bandulo, ndinalowa pa app ina yolipira imene ndimagawana ndi anzanga awiri. Ndinalipeza seweroli, chithunzi chowala mpaka kuona thukuta pamphumi. Ndinawagwirira foni. Anayang'ana mphindi zitatu basi, n'kundibwezera.

"Si limeneli. Uja wolankhula uja ali kuti?"

Ndinalibe yankho. Ndakhala ndikulingalira funso limenelo kuyambira tsiku lija, ndipo landifikitsa pa lina lalikulu: kodi kukhala nacho chinthu n'kutani? Nanga chimene timakonda chikayamba kuwonongeka, udindo wochisunga ndi wa ndani?

Ndisaname, kuonera pa intaneti kuli ndi ubwino wake. Netflix inafika m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, mu Januwale 2016, ndipo kuyambira pamenepo munthu wa bandulo ndi netiweki yabwino sakuvutikanso ndi zimbale zokalikakalika. Ndalama yako imafikanso kwa eni ake a sewero, pamene ya chimbale cha ku Limbe inathera m'thumba la wobena. Koma taonani chimene umagula kwenikweni. Sugula sewero. Umagula chilolezo cholowa m'nyumba ya mwini kwa mwezi umodzi. Mwezi ukatha, chitseko chatsekedwa. Ngakhale mwezi usanathe, mwini akhoza kuchotsa katundu wina usiku osakuuza. Mu Disembala 2022 sewero la Westworld linachotsedwa pa HBO Max, pamene linali lopangidwa ndi HBO yomweyo. Palibe chimbale chimene chinakalika, palibe mwana amene anachiponda. Anthu ena anakhala pa msonkhano, anawerengetsera ndalama, basi.

Ndiye pali bandulo. Sizoni imodzi ya magawo 22 ndi maola pafupifupi 16. Ngakhale utachepetsa kuwala kwa chithunzi, ma GB angapo apita. Ukafuna kubwereza chaka chamawa, ulipiranso. Chimbale cha a malume chinalipiridwa kamodzi, ndipo chinaonedwa ndi nyumba yonse, aneba, mpaka alendo ochokera ku Ntcheu amene ankagona pabalaza.

Apa n'zosavuta kunena kuti chimbale chapambana. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndi bwino nyumba yako yodontha kusiyana ndi ya lendi ya matailosi. Inenso ndinaganiza choncho kwa masiku angapo, mpaka nditawerenga mmene chimbale chimafera.

DVD ndi timapulasitiki tiwiri topyapyala tomatidwa pamodzi, ndipo pakati pake pali kansalu konyezimira kamene kuwala kwa deki kumawerenga. Guluu uja akayamba kulekana, mpweya ndi chinyontho zimalowa n'kuyamba kudya kansalu kaja. Zimbale zobena pa kompyuta ndiye zimafooka msanga, chifukwa uthenga wake umalembedwa pa utoto umene umasuluka ndi dzuwa komanso kutentha. Tangoganizani chimbale chimene chinakhala pa tebulo ku Limbe mwezi wa Okutobala. Ndipo musaganize kuti vutoli ndi la zimbale zachinyengo zokha. Mu 2025 kampani ya Warner Bros. inavomereza kuti ma DVD ake ena opangidwa pakati pa 2006 ndi 2008 akuwonongeka okha, ngakhale kwa anthu amene anawasunga bwino m'mabokosi ake. Munthu anagula chenicheni, pa mtengo wonse, n'kuchiika pa shelefu poganiza kuti wasungira adzukulu. Chinkaola mwakachetechete.

Ndiye nyumba yakoyo sikuti ikungodontha, ikugwa. Ya lendiyo akhoza kukutulutsa tsiku lililonse. Mbali zonse ziwiri palibe chokhalitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti chimbale chimafera m'manja mwako, ukuona, ndipo uli ndi mpata wochitapo kanthu. Za pa intaneti zimasowa ndi chiganizo cha munthu amene sudzamuona, ndipo ulibe pogwira.

Mpata wochitapo kanthuwo ndi umene ndikuuona kuti ndi wofunika, ndipo nkhani imene inandiphunzitsa zimenezi ndi ya ku Britain. Sewero la Doctor Who linayamba pa BBC mu 1963. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, matepi anali odula, ndiye BBC inkafufuta masewero akale kuti ijambulirepo atsopano. Panthawiyo palibe ankaganiza kuti wina adzafuna kuonanso zakale. Magawo ambiri a Doctor Who anapita choncho, ndipo mpaka lero oposa 90 sakupezeka. Koma BBC inkagulitsanso makope a filimu ku mawailesi a kanema a mayiko ena. Mu 2013 kunalengezedwa kuti magawo asanu ndi anayi a mu 1967 ndi 1968 apezeka m'chipinda china cha siteshoni ya kanema ku Jos, m'dziko la Nigeria. Mwini wake ku London anafufuta. Chimene chinapulumutsa ntchitoyo ndi kope limene linangokhala pa shelefu ku Africa kuno, litaiwalika.

Phunziro lake ndi loti mwini chinthu si nthawi zonse amakhala msungi wake. Mwini amasunga chimene chikumubweretsera ndalama. Zinthu zimapulumuka chifukwa zili m'malo ambiri, m'manja mwa anthu ambiri, ngati mmene nthano za agogo zinafikira kwa ife. Panalibe nkhokwe imodzi ya nthano. Aliyense amene anamva ankakafotokozera wina.

Tsopano tibwerere pabalaza pa a malume. Prison Break yeniyeni siili pangozi. Eni ake ali nayo, ndipo idzagulitsidwa kwa zaka zambiri. Chimene chili pangozi ndi mawu a mnyamata uja. Ntchito yake siili pa app iliyonse yolipira, ndipo sidzakhalapo, chifukwa anaichita popanda chilolezo. Ili pa zimbale zimene zikuola m'makabati, pa mamemori khadi amene amafufutidwa kuti alowetsemo nyimbo zatsopano. Komatu ndi mawu amenewo amene anachititsa kuti munthu wa Sitandade 6 ku Chilomoni alire ndi kuseka ndi nkhani ya ndende ya ku Illinois. Mmene tinkalankhulira Chichewa cha m'tauni mu 2012, nthabwala zathu, zimene zinkatidetsa nkhawa, zonse zili mmenemo.

Apa ndi pamene chikumbumtima changa chimagawanika. Chimbale chija n'chakuba, tisazungulire. Tili ndi lamulo la Copyright Act la 2016, tili ndi bungwe la COSOMA, ndipo sizinakhazikitsidwe mwamasewera. Kubena komweku kwasaukitsa oimba ndi opanga mafilimu athu. Munthu amagulitsa mbuzi kuti alipire situdiyo, tsiku lotsatira nyimbo yake ili pa kompyuta iliyonse ya pamsika, iye osalandira ngakhale tambala. Sindingadzudzule zimenezo Lolemba, kenako Lachiwiri n'kumalemba ndakatulo yotamanda chimbale chachinyengo chifukwa choti chimandikumbutsa ubwana.

Komabe ndikuona kuti pali zinthu ziwiri zimene timaziphatikiza. China ndi kutenga chimene mwini wake akugulitsa, iwe uli nayo ndalama, koma sukufuna kulipira. Chimenecho ndi kulanda chakudya pakamwa pa munthu. China ndi kusunga chimene palibe akugulitsa, palibe akusunga, ndipo chikatayika chapita mpaka kale. Choyambacho ndimachikana, ndipo n'chifukwa chake ndimalipira gawo langa la app ija ngakhale mwezi utavuta. Chachiwiricho sindikunena kuti n'choyera. Chinabadwa mwa kuba, ndipo kusunga kwanga sikuchichapa. Koma mwana wobadwa mosayenera sitimutaya kudzala. Mlandu wa mmene anabwerera ndi wina, moyo wake ndi winanso.

Ndipo funsoli silikuthera pa masewero a ku America. TVM inatsegulidwa mu 1999. Mwana wako akadzakufunsa kuti umuonetse Tikuferanji ya zaka zoyambirira zija, udzayambira pati? Izeki ndi Jakobo onse anatisiya, a John Nyanga mu 2016 ndipo a Eric Mabedi mu 2021. Ambiri a ife tikafuna kuwaonanso timathamangira ku tizidutswa timene anthu wamba anakopera pa zimbale zawo zakale n'kuika pa YouTube. Anthu amenewo palibe anawatuma, palibe anawalipira. Anangoona kuti chinthu chikufa m'manja mwawo, n'kuchitapo kanthu. Ife a mafoni tazolowera kuganiza kuti chilichonse chili penapake pa intaneti, chikutidikira. Si zoona. Chili pa intaneti ndi chimene munthu wina anavutikira kuikapo, ndipo chimakhalapo mpaka tsiku limene wina adzaganize zochichotsa.

Ndiye ndinachita chonchi. Ndinabwereka laputopu yakale ya mnzanga, ya mtundu uja wokhala ndi polowetsa chimbale, chifukwa zatsopanozi zilibe. Ndinakopera magawo 20 amene akuwerengeka n'kuwaika pa fulashi. Gawo 13 linatenga pafupifupi ola lathunthu, makina akulira ngati chigayo, ndipo ndinazindikira kuti ndikanachedwa chaka china limenelonso likanapita. Ndinaika kope lina pa kompyuta yanga, lina ndinapatsa mwana wa a malume wamkulu. Sindigulitsa, sindiika poyera. Ndangofuna kuti mawu aja asathere mu kabati.

Magawo awiri omalizawo anakanika ndithu. Loweruka lotsatira ndinabwerera ku Chilomoni, ndinakhala pa mkono wa mpando wawo, foni ili pakati pathu, ndipo ndinakhala wotanthauzira ndine. Ndinapeza kuti ntchitoyi ndi yovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Digiri yanga inandithandiza kumva Chingerezi, koma sinandiphunzitse kuseketsa munthu wodwala. Ndinkachedwa, ndinkamasulira liwu ndi liwu ngati ndili m'khoti. Michael atafika pa mpanda, mkulu wake n'kumukoka, a malume anapuma mwamphamvu, dzanja lawo lamanzere litagwira bondo langa.

Patapita kanthawi anati, "Watanthauzira bwino, mphwanga. Koma uja akanati chiyani pamenepa?"

Ndinati sindikudziwa, malume.

Anaganiza pang'ono, kenako anayamba kuyerekeza okha, ndi lilime lawo lolemera lija, mmene mnyamata uja akanawazazira alonda a ndende. Mayi a kunyumba anatuluka kukhitchini akuseka asanamve n'komwe chiganizo chonse. Ndinatsegula chojambulira mawu pa foni mwakachetechete, n'kuyiika pa tebulo.

Chimbale chija ndinachibwezera mu kabati. Sichigwiranso ntchito bwino, koma a malume anakana kuti chitayidwe.