Mlandu wa Chiweto Chosalankhula

Munthu akathyola mwendo wa mbuzi ya mnzake, nkhani imafika kwa nyakwawa dzuwa lisanalowe, ndipo wolakwayo amalipa. Koma munthu yemweyo akamangirira galu wake pamtengo masiku atatu osampatsa madzi, palibe amene amamuitanira kubwalo. Anthu amangoti, "Nchiweto chake." Tsono pamlandu woyamba uja, kodi bwalo limamvera chisoni mbuzi imene yamva ululu, kapena mwini wake amene chuma chake chaonongeka?

Funsoli linavutitsanso anthu a maiko ena. M'chaka cha 1822 nyumba ya malamulo ya ku Britain inavomereza lamulo limene anabweretsa Richard Martin, loletsa kumenya mwankhanza akavalo, abulu, ng'ombe ndi nkhosa. Kuno ku Malawi lamulo loteteza nyama linakhazikitsidwa m'chaka cha 1944, m'nthawi ya atsamunda, ngakhale eni ziweto ambiri sanalimvepo n'komwe.

Kuletsa chikwapu nkosavuta, pakuti womenya amaoneka. Chovuta ndi nkhanza ya kulekerera, imene ilibe phokoso: khola la matope ofika m'mawondo, chilonda chochita mphutsi, nthiti zowerengeka. Nchifukwa chake m'chaka cha 2006 ku England ndi Wales anaika lamulo lakuti woweta ali ndi udindo wopatsa chiweto chake chakudya, malo oyenera ndi chithandizo chikadwala. Kuyambira m'chaka cha 2021, wozunza nyama koopsa kumeneko angathe kukhala m'ndende zaka zisanu.

Ena amati lamulo lotere ndi la anthu okhuta. Kodi mlimi amene ana ake agona ndi njala angalipire bwanji dokotala wa ziweto? Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo lamulo lolanga umphawi lingakhale nkhanza inanso. Komabe zambiri zimene ziweto zimasowa sizilira ndalama. Madzi, mthunzi ndi mpumulo sizigulidwa. Woweruza wanzeru angathe kusiyanitsa munthu wosowa ndi munthu wosasamala.

Chitsanzo ndi bulu wokoka ngolo. Goli la mtengo analipangira ng'ombe, imene ili ndi linunda ndi khosi lolimba. Mphamvu za bulu zili pachifuwa, kotero goli limamupala khosi mpaka kutuluka magazi. Lamba wophanuka bwino, wosokedwa ndi nsanza zofewa mkati, amathetsa vutolo. Mwini ngolo amene wauzidwa zimenezi, koma m'mawa mwake nkuikanso goli pachilonda chomwecho, sangadzikanire ndi umphawi pamaso pa bwalo.