Ndalama za Kujoni Ndi Amana



Abale ndi alongo mu Chisilamu, kuchokera ku Furancungo mpaka ku Ntengo-wa-Mbalame tili ndi mabanja ambiri amene mwana wawo ali ku Johannesburg, ku Harare kapena ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Mwezi ukatha foni imalira, ndalama zalowa pa M-Pesa kapena e-Mola. Tifunse lero: ndalamazi zikafika m'manja mwathu, ndi zayani?

Kale, gawo la malipiro a anthu a dziko lino ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa linkaperekedwa kwa boma la Apwitikizi ngati golide, ndipo mwini thukuta ankalandira zake atabwerera. Dongosolo la golidelo linatha mu 1978. Lero pakati pa wogwira ntchito ndi phindu la thukuta lake paima ife abale ake. Chimene tasungitsidwa chimatchedwa amana, ndipo tidzafunsidwa za icho pa Tsiku la Chiweruzo.

Kudyetsa mayi wokalamba, kugula mankhwala ndi kulipirira mwana sukulu si kuwononga. Ndiwo udindo umene wotumizayo anapitira. Kuwononga, kumene Surah Al-Isra ikudzudzula, kumayamba pamene ukwati wa tsiku limodzi wadya feteleza wa chaka chonse. Choipa kuposa apo nchakuti ena asandutsa ndalamazi katapila, kukongoza mnansi pa nthawi ya njala kuti adzabweze mowirikiza akakolola. Imeneyo ndi riba, ngakhale wokongozayo aziswali pa mzere woyamba.

Dothi la Tsangano limabereka mbatatesi ndi tirigu, la Macanga chimanga ndi fodya. Ndalama yogulira mbewu, ng'ombe zolimira kapena pampu ya kudimba imatsala m'mudzi, nilemba ganyu ana a anzathu. Yogulira zodzionetsera imagona usiku umodzi nkubwerera kumene inachokera. Tikuonanso minda ikugonera chifukwa eni ake azolowera kudikira foni, kuiwala kuti mu Meyi 2008 abale athu anathamangitsidwa ku South Africa, ambiri nabwera chimanjamanja. Mneneri Yusuf analangiza Aiguputo kusunga pa zaka za dzinthu chifukwa cha zaka za chilala zimene zinali m'njira.

Choncho wolandira alembe m'kope chilichonse chimene chalowa ndi kumene chapita, ndipo amuuze mwini wake zoona akaimba foni, ngakhale nyumba imene akuganiza kuti yafoleredwa ikadali pa maziko.