Tsitsi Lokulungidwa pa Mseu: Manyazi Ace Nga Yani?

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za mlandu umene uli pakati pa anthu akuda a ku Amereka, ndipo ngakhale papita zaka zambiri sunathe. Mlanduwo ndi wa tsitsi la akazi. Kapena ena mwa inu mudzaseka ndi kuti, Kodi nkhani zatha, kuti tiyambe kuwerenga za tsitsi? Koma tikupemphani muleze mtima, pakuti m'kanthu kakang'ono aka mwabisala funso lalikuru lokhudza ife tonse, ndilo ili: kodi munthu ayenera kucita manyazi ndi ciani, ndipo ndani ali nayo mphamvu ya kumcititsa manyaziwo?

Tiyambe ndi kufotokoza cinthuco. M'midzi yaikuru monga New York muli nyumba zambiri zokonzera tsitsi, zimene masiku ano tizicha saluni, ndipo eni ace a zambiri za izo ndiwo akazi ocokera ku dziko la Dominican Republic, amene luso lao la kuongola tsitsi limveka kutali. Mkazi akalowa m'menemo amtsuka tsitsi, nalipota pa marola, namkhazika pansi pa makina a mphepo yotentha kufikira litauma. Pambuyo pace aliongola ndi burashi. Nchito yonseyi ikhoza kudya maora awiri kapena atatu. Ikatha, wokonzayo apesa tsitsi lonse mozunguliza mutu, monga umo mkazi apotera nkhata, naligwiritsa ndi timapini, ndipo kawiri kawiri abvekapo kaukonde kapena mpango. Kwao kwa okonzawo kamangidwe aka akacha tubi, ndipo a ku New York ati doobie.

Sacita ici cifukwa ca ulesi iai. Tsitsi lopiringana likanyowa ndi kutenthedwa lilola kuongoka, ndipo likauma ligwira maonekedwe amene laumiramo. Koma likakomana ndi cinyontho, kapena thukuta, kapena mvula yowaza, libwerera msanga ku cibadwidwe cace. Cotero mutu weni weniwo usanduka ngati rola wamkuru, wakusunga tsitsi loongoka kufikira nthawi imene mwini wace afuna kulimasula. Wokonzetsa tsitsi Loweruka masana akhoza kulisunga comweco kufikira phwando la madzulo, kapena kufikira Lolemba mamawa popita ku nchito. Koma pakati pa saluni ndi nyumba pali mseu, pali sitima, pali sitolo yogulamo ndiwo. Ndipo pamenepa ndi pamene pabuka mlandu.

Mu November 2013, woyimba womveka Rihanna, mbadwa ya cisumbu ca Barbados, anaima pamaso pa khamu lalikuru ku Los Angeles kulandira mphotho pa mwambo wa American Music Awards, tsitsi lace liri cikulungire ndi mapini onyezimira. Ena anamtama, koma akazi ambiri a mtundu wace anadandaula kuti waonetsa poyera cinthu ca kucipinda. Mu April 2019, mkuru wa sukulu ina ya ku Houston, iyenso mkazi wakuda, analembera makolo kalata yakuti ali yense wobwera ndi marola kumutu, kapena ndi cisoti cogona naco, sadzaloledwa kulowa pa sukulupo. Ndipo mu May 2021, Mo'Nique, mkazi womveka pa zisudzo ndi nthabwala, anadandaulira atsikana pa kanema wace, atatha kuona ambiri a iwo pa bwalo la ndege la Atlanta atabvala zisoti zogona nazo ndi zobvala za usiku, nawafunsa kumene kunapita kudzilemekeza kwao. Mau acewo anautsa makani akuru, ena ambvomereza, ena namtsutsa kolimba.

Tisafulumire kunyoza odzudzulawa, pakuti mau ao ali nao muzu. Amai ao ndi agogo ao anakhala m'masiku a malamulo a tsankho, pamene m'zigawo za kumwera munthu wakuda sanaloledwa kudya m'nyumba imodzi ndi Mzungu, kufikira lamulo la 1964 linaletsa zimenezo. M'masiku amenewo kuturuka m'nyumba wosamba, ndi zobvala zosita, ndi tsitsi lopesa bwino, kunali cikopa ca munthu wopanda cida cina. Iwo anadziwa kuti Mzungu mmodzi akaoneka wauve, anthu adzati, Munthu uyu ngwauve. Koma wakuda mmodzi akaoneka comweco, adzati, Mtundu uwu ngwauve. Cifukwa cace anaphunzitsa ana ao akazi kuti asapatse wonyoza mpata ngakhale waung'ono. Mai wakudzudzula mwana wace lero alankhula ndi mantha amene anawalandira kwa amace, ndipo m'mantha amenewo muli cikondi.

Komatu tiyenera kufunsa, nchito ya manyazi njotani m'moyo wa munthu? Ife tiyesa kuti manyazi ndiwo mlonda wa mtima, wakucenjeza munthu pamene walakwira mnzace. Wakuba agwidwe nao, wonama agwidwe nao, ndi iyenso wakumana wanchito wace malipiro. Pakuti m'zonsezi alipo munthu wopwetekedwa amene tikhoza kumloza ndi cala. Nanga mkazi wokhala m'sitima ndi tsitsi lokulunga wapweteka yani? Sanabe kanthu, sali wamarisece, ndipo tsitsi lace langotsukidwa kumene, kotero kuti liposa ukhondo la ambiri akumuyang'ana. Cimene anthu alikuciona ndico nchito imene sinathe. Ndipo sitinamve ndi kale lonse kuti woumba mbiya acita manyazi ponyamula mbiya yaiwisi kunka nayo kukaocha, kapena kuti mmisiri abisa nyumba yace kufikira ataifolera.

Mbiri ya dziko lomwelo itiphunzitsa kuti manyazi a kumutu asinthika monga mwa kufuna kwa olamulira. M'caka ca 1786, pamene Louisiana anali m'manja mwa mfumu ya ku Spain, Bwanamkubwa Esteban Miró analamula kuti akazi akuda a m'mudzi wa New Orleans aziphimba tsitsi lao ndi mpango wochedwa tignon, kuti ngakhale iwo amene anali mfulu adziwike kuti ali a mtundu wa akapolo, ndi kuti asapambane akazi a Azungu pa kukongola. Akaziwo anamvera lamulo, koma anasankha nsalu zowala, nazimanga mwaluso, kotero kuti cizindikiro ca kunyozeka cinasanduka cokometsera. Taonani tsono: tsiku lina mkazi wakuda anali ndi mlandu akaonetsa tsitsi lace, ndipo lero mdzukuru wace ali ndi mlandu akaliphimba. Kuno kwathu mai womanga duku kumutu ndiye wodzilemekeza, ndipo apita nalo ku maliro ndi ku bwalo la mfumu wopanda womnena. Cinthu cimene ciri ulemu tsidya lino la nyanja, koma manyazi tsidya lija, sicingathe kukhala coipa mwa ico cokha. Ciri mwambo cabe, ndipo mwambo tiyenera kuufunsa kumene unacokera, ndi amene umtumikira.

Pali funso lina lolasa koposa: anafuna tsitsi loongokalo ndani? Akazi ambiri aliongola cifukwa alikonda, ndipo pamenepo palibe mlandu. Koma ambiri ena aliongola poopa kutaya nchito. Mu 2010 mkazi wina wa ku Alabama analandidwa nchito imene anali atamlonjeza kale, pakuti anakana kumeta tsitsi lace lopota ngati zingwe. Ndipo mu 2016 bwalo la apilo linaweruza kuti olemba nchitowo sanaswe lamulo. Madandaulo otere anacuruka kufikira cigawo ca California cinakhazika lamulo lochedwa CROWN Act mu 2019, lakuletsa kusala munthu pa nchito kapena pa sukulu cifukwa ca tsitsi la cibadwidwe cace, ndipo zigawo zina zambiri zinatsata. Lamulo lotere silikadafunika cikakamizoco cikadakhala ca m'maganizo cabe. Tsono dziko lomwelo limene lifuna kuti mkazi afike ku ofesi Lolemba ndi tsitsi losalala, likwiya pomuona alikulisunga Loweruka. Akuru athu anati, walira mvula walira matope. Amene afuna tsitsi lomalizidwa alibe mphamvu ya kunyansidwa ndi mapini akulisunga.

Ndipo lingalirani amene mwambo uwu umpsinja. Mkazi wolemera aturuka m'saluni, nalowa m'galimoto wace, natsikira m'kati mwa mpanda wa nyumba yace. Mapini ace palibe awaona, ndipo mvula ikamuonongera tsitsi abwerera mawa nalipiranso. Koma wosauka, amene anadzimana kanthu kuti apeze ndalamayo, ayenda pansi, adikira basi, atenga mwana ku sukulu, nagula cakudya panjira. Ndipo akalimasula tsitsi pakhomo pa saluni, ndalama yace ikhoza kutha asanafike kwao. Onse awiri anakulunga tsitsi mofanana, koma mmodzi yekha achedwa wopanda khalidwe. Cimene ticiyesa kusiyana kwa makhalidwe, kawiri kawiri ciri kusiyana kwa cuma. Pa sukulu ya ku Houston ija, mai wina anadandaula kuti anambweza pakhomo cifukwa ca mpango wa kumutu ndi cobvala cace, pamene anadza kudzalembetsa mwana wace wamkazi. Sukulu zambiri zilira kuti makolo safika kudzaona za ana ao. Nanga kubweza kholo limene lafika kupindula ciani? Wotayapo weni weni ndiye mwana.

Kodi tsono tirikunena kuti munthu abvale ciri conse pali ponse? Iai ndithu. Ulemu ulipo, ndipo mtundu wautaya ulemu uli wosauka koposa wopanda ndalama. Koma tisiyanitse malo. Mseu ndi wa anthu onse, ndipo wodutsapo ali nao mangawa atatu okha kwa odutsa anzace: mtendere, ukhondo, ndi kubisa thupi lace. Akakwaniritsa izi, zotsalazo nzace. Koma ukwati uli naye mwini wace, maliro ali nao eni ace, ndi bwalo la milandu liri nao ulemu wace. Woitanidwa ku ukwati amasule tsitsi asanalowe, pakuti analikonzera tsiku lomwelo, ndipo kufika wokonzeka ndiko mphatso yace kwa womuitana. Wakulowa pa malo otere monga ngati wangodzuka kumene anena kwa eni ace kuti tsiku lao silinamkhudze, ndipo pamenepo alipo munthu wopwetekedwa. Kunena za Rihanna, iye anafika wokonzeka monga mwa kufuna kwace, atasandutsa dala cinthu conyozeka cikhale cokometsera, monga anacitira akazi a ku New Orleans aja. Anthu akhoza kutsutsana ngati cinamkhala kapena iai. Kumeneko ndiko kutsutsana kwa maso, ndipo mlandu wa mtima palibe.

Catsala cimodzi, ndico kadzudzulidwe. Ngati mai aona kuti mwana wace waturuka mosayenera, kapena mlongo aona mng'ono wace, amuitanire pambali, nalankhule naye mofatsa, pakuti ali nao ubale wakumpatsa mphamvu ya kutero, ndipo adziwa ngati mwanayo atero cifukwa ca kufulumira, kapena umphawi, kapena cisoni ca mumtima cimene camlefula. Mlendo wa panjira sadziwa ciri conse ca izi. Sadziwa ngati mkaziyo acokera ku nchito ya usiku, kapena kukadikira wodwala ku cipatala, kapena ali pa ulendo wa ku phwando la mbale wace. Ndipo masiku ano alipo anthu akujambula mkazi wosamdziwa m'sitolo ndi lamya yao, nafalitsa cithunzico pa intaneti kuti zikwi za anthu zimseke. Pakati pa awiriwa, wojambulidwa ndi wojambula, mmodzi yekha ndiye wapweteka mnzace, ndipo pa iyeyo ndi pamene payenera kugwa manyazi.

Tsono abale ndi alongo, ngakhale mlandu uwu uli wa tsidya lija, mbeu yace iri m'mitima yathu ifenso, pakuti ifenso tikomana m'minibasi ndi pa msika ndi mkazi woturuka m'saluni ndi kaukonde kumutu, kapena ndi tsitsi loluka mbali imodzi, nchito idzatha mawa. Lilime lisanayambe kunena, tidzifunse mumtima: kodi munthu uyu walakwira yani? Ngati tipeza wolakwiridwa, tilankhule kwa wolakwayo yekha, ndi mau ofatsa. Ngati sitimpeza, timpatse moni, timsunthire pokhala, ndipo tisunge kudzudzula kwathu kufikira tsiku limene tidzakomana ndi coipa ceni ceni, pakuti zoipa zotere sizisowa m'midzi yathu, ndipo ocepa ndiwo akulimba mtima kuzidzudzula.