Mnyamata wamtali ndi kuitana kwa kummwera: apite, kapena ayambe wamaliza sukulu?

Mlongo wanga ali ndi mwana wamwamuna amene polowa m'nyumba amachita kuwerama. Anayamba kutalika ali wamng'ono, ndipo anzake a kugombe ankamutcha mlongoti wa ngalawa. Atapita kukaphunzira ku Lichinga, mphunzitsi wina anamupatsa mpira wa basketball, uja amaponya m'mphete yachitsulo yopachikidwa pamwamba. Lero ali pa koleji, ndipo kwatsala zaka ziwiri kuti alandire pepala lake. Nyengo ya mwera yapitayi kunabwera bambo wina wochokera kummwera amene anamuona akusewera. Anamuuza kuti timu ina yaikulu ikumufuna, ndipo idzamupatsa malipiro mwezi ndi mwezi, pogona, chakudya ndi nsapato. Koma anati anyamuke tsopano, chifukwa malowo sadikira munthu.

Popeza ndine malume ake, nkhaniyo inafika pakhonde panga. Amayi ake anati: "Achimwene, denga likudontha, ukonde unang'ambika, ang'ono ake akufuna mayunifomu. Mwayi wafika wokha pakhomo, tiuthamangitse?" Agogo ake aakazi, amene anaphunzirako pang'ono pa misheni ya Messumba, anayankha kuti: "Mwendo umathyoka, koma za m'mutu sizithyoka." Mnyamatayo anangokhala chete, akujambula pansi ndi kamtengo. Ine ndinapempha masiku oti ndiganize, ndipo zimene ndinaganizazo ndi zimene ndikulemba pano, chifukwa funsoli lidzafikanso pamakomo ena, kuyambira ku Meluluca mpaka ku Cóbuè, kaya ndi pa basketball, mpira wamiyendo kapena kuthamanga.

Funsoli si lathu lokha. Ku United States, kumene masewerawa anayambira mu 1891, amakangana nalo chaka ndi chaka. Kumeneko ana a m'makoleji amasewera anthu zikwizikwi akuonera, ndipo aluso kwambiri amalakalaka kulowa mu ligi ya NBA. Ligiyo ili ndi matimu 30, ndipo pa kasankhidwe ka chaka chilichonse amatenga anyamata pafupifupi 60 okha kuchokera m'dziko lonse lapansi. Kale mwana ankatha kuchoka ku sekondale n'kulowa mwachindunji, monga anachitira Kobe Bryant mu 1996 ndi LeBron James mu 2003. Kuyambira 2006 lamulo likuti akhale wa zaka 19, ndipo papite chaka chimodzi atamaliza sekondale. Chotero ambiri amalowa koleji chaka chimodzi chokha, kenako n'kuchoka. Ena amawayamika kuti ndi ochenjera, ena amawadzudzula kuti ndi osusuka.

Tiyambe tamva mbali ya onena kuti apite, ndipo tisaipeputse. Thupi lili ndi nyengo yake, monga usipa uli ndi nyengo yake. Msodzi amene wamva kuti usipa wafika sanena kuti ndidzapita mwezi wamawa ndikamaliza kukonza khola la mbuzi. Munthu angathe kukhala pa desiki ali ndi zaka 40, koma sangadumphe ngati wa zaka 20. Komanso kukhala pa sukulu sikuteteza bondo. Mnyamata angathe kuvulala m'masewera a pa koleji, amene salandirapo kanthu, n'kutsala wopanda malipiro, woitana uja atapeza kale wina. Pamenepo mwambi wa akale umamveka: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Palinso mfundo ina imene ife okhuta timaiwala. N'kwapafupi kulalikira kudekha pamene m'nyumba mwako muli ufa. Mayi amene akugona akusuntha mphasa kuthawa madontho a mvula sakuchimwa akamayang'ana malipiro a mwana wake. Mwana amene akufuna kuchotsa amayi ake m'mavuto sakuchita dyera. Akuchita chimene tinamuphunzitsa tokha, kuti wolera nayenso amaleredwa.

Dziko lathu lilinso ndi umboni wa amene anachoka akadali ana n'kupambana. Eusébio anachoka ku Mafalala kupita ku Lisboa mu 1960 ali ndi zaka 18, ndipo pofika 1965 anali atasankhidwa kukhala wosewera mpira woposa onse ku Ulaya. Maria de Lurdes Mutola, mwana wa ku Chamanculo, anathamanga pa masewera a Olimpiki ku Seoul mu 1988 ali ndi zaka 15, anasamukira ku Oregon mu 1991, ndipo mu 2000 ku Sydney anatipatsa mendulo yoyamba yagolide pa mamita 800. Akadati adikire kuti zonse zilongosoke kwawo, mwina sitikadamudziwa.

Koma nkhani za opambana zili ndi chinyengo chimodzi: timawerenga ngalawa zimene zafika pagombe. Imene yabwera yodzaza, mudzi wonse umathamangira kukaiona. Zimene zabwera zopanda kanthu zimakocheza mwakachetechete, ndipo palibe amazikamba pa wailesi. Pa Eusébio mmodzi panali anyamata ochuluka amene anapita ndi chiyembekezo chomwecho, ndipo mayina awo sitiwadziwa.

Ngakhale wosankhidwa patsogolo pa onse sali pabwino. Mu 2007 timu ya Portland inasankha Greg Oden kukhala woyamba, atakhala chaka chimodzi chokha pa yunivesite ya Ohio State. Asanasewere n'komwe, anamuchita opaleshoni ya bondo, ndipo chaka chonse choyamba anaonerera. Maondo anapitiriza kumuvuta, moti pa moyo wake wonse mu NBA anasewera masewera 105 okha, pamene nyengo imodzi imakhala ndi masewera 82. Patapita zaka anabwerera ku sukulu yake ija, n'kulandira digiri mu 2019.

Onena kuti apite adzati: mwaona, sukulu inamudikira. Zoonadi inamudikira. Koma tifunse kuti anabwerera ndi chiyani. Oden anali ndi pangano lolembedwa limene linamulipira mamiliyoni a madola ngakhale ali pa ndodo. Anabwerera ndi ndalama m'thumba, ku sukulu imene inamutsegulira chitseko. Mwana wathu akavulala pa mwezi wachisanu, adzabwerera ndi chiyani? Malo ake pa koleji adzawapeza? Lendi ya chipinda ku Lichinga adzalipira ndani? Apa ndi pamene funso la ku America limasiyana ndi lathu. Kumeneko mnyamata amasiya sukulu chifukwa cha chuma chokwanira moyo wonse. Kuno amasiya chifukwa cha malipiro okwanira mwezi umodzi, amenenso nthawi zina amachedwa.

Alipo amene anadikira, osataya kanthu. Tim Duncan anakulira pa chilumba cha Saint Croix, ndipo poyamba anali wosambira. Mkuntho wa Hugo utawononga dziwe lawo losambiramo mu 1989, anatembenukira ku basketball. Amayi ake anamwalira kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 14, atamulonjezetsa kuti adzamaliza koleji. Matimu ankamufuna msanga, koma anakhala zaka zonse zinayi pa Wake Forest. Mu 1997 anasankhidwa woyamba, anasewera nyengo 19 ku San Antonio, n'kutenga chikho kasanu. Kwathu kuno tili ndi Clarisse Machanguana wa ku Maputo, amene anasewerera yunivesite ya Old Dominion mpaka chaka chake chomaliza, n'kufika nayo mu ndime yotsiriza ya mpikisano wa makoleji mu 1997. Pambuyo pake analowa mu ligi ya amayi ya WNBA, ndipo atabwerera kwawo anayambitsa bungwe lothandiza achinyamata kudzera m'masewera omwewa. Komabe tinene chilungamo: awa nawonso ndi ngalawa zimene zinafika. Alipo ena anadikira, nyengo n'kuwadutsa.

Zitsanzo zikatha mbali zonse ziwiri, chimatsala ndi funso la chikumbumtima, ndipo ine ndikuliona patatu.

Choyamba, luso la mwana ndi la yani? Mwambo wathu umati mwana ndi wa mbumba, ndipo n'zoona kuti amene anamudyetsa kondowole ndi usipa mpaka kutalika chotero ali ndi mawu. Koma kukhala ndi mawu n'kosiyana ndi kukhala mwini. Pamene banja layamba kuyang'ana mwana monga limayang'anira injini ya boti, kuwerengera kuti idzabweza ndalama liti, lalakwa, ngakhale njala yake ili yeniyeni. Bondo likadzathyoka, ululuwo sitidzagawana. Adzaumva yekha. Choncho mawu omaliza ayenera kukhala ake, ndipo ntchito ya ife akulu ndi kuonetsetsa kuti akusankha akuona, osati atatsekedwa maso ndi njala yathu kapena ndi mantha athu.

Chachiwiri, kodi woitanayo akulonjeza chiyani, ndipo walemba pati? Agogo athu ambiri anawoloka nyanjayi, kudutsa ku Nyasaland kupita ku minda ndi migodi ya ku Halale ndi ku Joni. Ena anadinda chala pa mapepala amene sankatha kuwerenga. Mdzukulu wawo amene wafika pa koleji sayenera kupita ndi mawu apakamwa okha. Pangano lilembedwe, ndipo liwerengedwe ndi munthu wodziwa Chipwitikizi cha malamulo amene sanabwere ndi woitanayo. Linene zaka zingati, ndalama zingati, ndani adzalipira chipatala akavulala, ndiponso ngati malipiro adzapitirira pamene akuchira. Munthu amene akuti saina lero, mawa n'kuchedwa, ndiye woyenera kumufunsa kawiri. Si pachabe kuti bungwe la FIFA limaletsa kusamutsa ana osakwana zaka 18 kupita kumatimu a kunja, kupatula pa zifukwa zochepa: linaona ana ambiri a ku Africa atasiyidwa m'mizinda yachilendo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu, kodi n'zoona kuti njira ndi ziwiri zokha? Woitana amakonda kuti tiziona choncho, chifukwa munthu wopanikizika savuta pa mtengo. Koma ku Maputo kuli masukulu, ku Beira kulinso masukulu. Timu imene ikumufunadi mnyamata ingathe kumuthandiza kusamutsa maphunziro ake, kapena kumudikira amalize chaka. Iyenso angathe kufunsa ku ofesi ya koleji ngati malamulo amalola kuimitsa maphunziro popanda kutaya malo. Tikumbukire kuti Mutola atapita ku Oregon anakafikira pa sukulu ya sekondale ya Springfield, kumene anapeza kalasi ndi mphunzitsi wa kuthamanga pamodzi. Ku America nakonso, kuyambira 2021, ana a m'makoleji amaloledwa kulandira ndalama chifukwa cha dzina lawo akadali pa sukulu, ndipo zimenezi zachepetsa changu cha ena chothawa msanga.

Maganizo anga ndi awa. Kuchoka msanga si tchimo, ndipo kukhala si mantha. Kupita n'koyenera pamene chimene walonjezedwa chili cholembedwa, chili chachikulu mokwanira kukunyamula ngakhale thupi litakana, ndipo chitseko cha sukulu chatsala chotsegula. Zitatuzi zikasowa, kupitako ndi juga, ndipo chikole chake ndi zaka zimene mwanayo wakhala kale pa desiki. Msodzi wanzeru sakana kulowa m'nyanja, koma amayang'ana kumwamba kaye, ndipo salowa nthawi ya mwera ndi bwato lopanda chokapira madzi.

Pali chinthu chimodzi chimene chinandilasa ine mwini pamene ndinkaganiza. Ndikauza mwana kuti adikire, amene adzalipire kudikirako ndi mlongo wanga, ndi denga lake lodontha. Uphungu umene mtengo wake ukusenzedwa ndi wina ndi wotchipa. Ngati mbumba ikufuna kuti mwana amalize sukulu, mbumba yomweyo isonkhe. Wonena kuti dikira, abweretse ufa.

Nditawaitananso, ndinanena zonsezi. Ndinalonjeza kuti malata ndigula ine ndikagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo mng'ono wanga anavomera kusoka ukonde uja. Kenako ndinatembenukira kwa mnyamatayo: "Iwe, tanena zako. Miyendo ndi yako."

Iye anati: "Malume, mtima wanga ukufuna kupita, sindikubisirani. Koma ndiwaimbira bambo aja, ndiwauze kuti atumize pepala, ndipo alembemo za sukulu ndi za chipatala. Akatumiza, mundithandize kupeza wotiwerengera. Akapanda kutumiza, ndimaliza."

Amayi ake sanayankhe kanthu, ndipo sindikuwaimba mlandu. M'mawa mwake tinamuperekeza kukakwera chapa ku Metangula, mpira wake uli m'jumbo pamodzi ndi makope. Pamene ndikulemba zino papita milungu isanu, ndipo pepala lija silinafike. Mwina lifika, ndipo tidzakhalanso pansi. Malata ndagula asanu ndi limodzi, atsala anayi mvula isanayambe.