Kodi Kukwatitsa Mwana Msanga Ndi Kumcinjiriza?

Inu makolo amene mukukonzekera ubatizo, mudziwa kuti mwana wamkazi akatha msinkhu, nkhawa imalowa m'nyumba. Muona anyamata akumuimitsa panjira ya kucitsime, mumva za anzake amene atenga pakati ali pakhomo pa makolo. Tsono ena ati: timpatse mwamuna msanga, manyazi asanatigwere. Nkhawa imeneyi si yoipa, pakuti icokera m'cikondi. Koma funsani mtima wanu: mukucinjiriza yani, mwanayo kapena mbiri yanu?

Taganizani za thupi lake. Mtsikana wa zaka 14 angathe kutenga pakati, koma mafupa a m'ciuno mwake sanakhwime. Pobereka mwana akhoza kukanirira masiku awiri kapena atatu, cipatala cili kutali. Ena amwalira. Ena apulumuka, koma ndi bala la mkati locedwa fisitula: mkodzo ungotuluka wokha usana ndi usiku, ndipo kawirikawiri mwamuna uja amthawa. Kodi kumeneku ndi kucinjiriza?

Taganizaninso za ufulu wake. Ukwati umangidwa pa kuvomera kwa anthu awiri. Mwana wovomera cifukwa coopa bambo wake, kapena cifukwa banja ladya kale za mkamwini, sanavomere konse. Mulungu anakuikizani mwanayo kuti mumlere. Sali mbuzi yobwezera ngongole.

Boma la Mozambique linaona zomwezi. Kale lamulo linkalola ukwati pa zaka 16 makolo akavomera. M'caka ca 2019 linaletsa ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo wamkulu wokwatira mwana, ngakhale kholo lomkakamiza, alangidwa ndi ndende. M'caka ca 2018 boma linacotsanso lamulo lotumiza mtsikana wapakati ku sukulu ya usiku. Conco wolakwa kamodzi sayenera kutayidwa: abwerere kukaphunzira.

Nanga mucite ciani? Kumtsekera m'nyumba sikuthandiza, pakuti mpanda suletsa mtima. Dziwani kumene apita ndi amene ayenda nao. Akabwera ndi sopo, nsalu kapena foni imene inu simunagule, funsani mofatsa kumene yacokera. Mpatseni zosowa zake monga mungathere, kuti umphawi usamgulitse. Sankhani bwino anankungwi, mudziwe zimene amlangiza. Mwana wamwamuna muunikireninso, pakuti mimba siidza ndi munthu mmodzi. Koposa zonse, mwana asaope kukuuzani cimene camgwera. Amene amenyedwa pa kanthu kalikonse aphunzira kubisa, ndipo cobisika ndico cimapha.

Akulu anati mmera mpoyamba. Wothyola cimanga cisanakhwime sadzaza nkhokwe. Pirirani zaka zocepazi, kuti mwana wanu adzalowe m'banja ali wamkulu, wosankha yekha ndi mtima wake wonse.

Funso loti mukambirane: Mwana wanu atalakwa lero, kodi angayambe kuthamangira kwa inu, kapena angakuthaweni?