Odini kaye musanatulutse kope

Ana anga a ku Mponela, ku Madisi, ku Malomo ndi kwa Nthondo, ndamva kuti ambiri mwa inu mukufuna ntchito yoona za chisamaliro cha anthu. Ena muli kale ku koleji ya Magomero, ena mukudikira malo ku yunivesite. Ndakondwa, koma mtima wanga suli m'malo. Kulemba malipoti mwakudziwa. Chimene chikukupulumukani m'manja ndi chija munaphunzira kwa agogo anu: kalowedwe ka pakhomo pa munthu.

Odini. Akakuyalirani mphasa, khalani pansi. Funsani za ana ndi za mvula musanatulutse kope. Mayi amene ana ake agona ndi njala sangakuuzeni zoona inu muli chiimire, foni ili kumanja.

Dziwani mbumba. Kwathu kuno mwana amawerengedwa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Mukapeza ana amasiye, funsani malume awo kuti ali kuti, ankhoswe a banjalo ndi ndani. Bambo wa chikamwini sangagamule yekha za munda. Musadumphe nyakwawa, chifukwa mukakwera njinga yanu kubwerera kuboma, iye ndi amene atsale ndi anawo. Safunsa anadya phula.

Za gule ndilankhule mosabisa. Chikhalireni mishoni ya Mvera mu 1889, mpingo ndi dambwe zakhala moyandikana m'mapiri ano, nthawi zina mokangana. Pempherani kumene mumapemphera, koma musakwinye nkhope pakhomo pa munthu wa gule. Ntchito yanu si kumutembenuza. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndiye inu, mwana wa pompano, muchite naye manyazi? Mukamunyoza bambo, mwana wake simudzamuonanso.

Komatu ulemu si mantha ayi. Apa ndipo ndimadera nkhawa kwambiri, poti ena mwa inu mumati "ndi chikhalidwe" pofuna kuthawa nkhani yovuta. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana lilipo chiyambire 2010. Mtsikana wa Sitandade 7 akatengedwa kubanja, pitani kwa mfumu, kwa anamkungwi, kwa malume ake. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati ambirimbiri a ana podzera mwa mafumu ndi makolo omwewo. Koma mwana akagwiriridwa, imeneyo si nkhani ya ankhoswe. Musalole mbuzi ithetse mlandu. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, mukanene kupolisi, ngakhale wolakwayo akhale mbale wa mfumu.

Sungani chinsinsi. Amene wakuuzani kuti amamwa ma ARV wakupatsani moyo wake. Musakanene pachigayo, musakanene kwa mkazi wanu. Musajambule mwana wovala sanza n'kumuika pa Facebook kuti anthu akuyamikireni. Adzakula, chithunzicho chidzakhala chilipobe. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Manja anu akhale oyera. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006, ndi za mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Musalembemo azakhali anu. Musalandire nkhuku kuti dzina lilowe m'kaundula. Ndipo inu anyamata, mayi wobwera kudzapempha thandizo musamufunsire, chifukwa sangathe kukana momasuka munthu amene wagwira chakudya cha ana ake.

Ena mwa inu adzakutumizani ku Dzaleka. Malo aja anali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu. Kuyambira 1994 ndi msasa wa othawa kwawo, ndipo lero muli anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia ndi Ethiopia. Kumeneko zimene ndakuuzani za malume sizingagwire, poti mabanja awo amayenda mwanjira ina. Yambaninso kufunsa. Musawatchule onse kuti Maburundi, aliyense ali ndi dziko lake ndi dzina lake. Phunzirani moni wa Chiswahili. Musaumirize munthu kufotokoza zimene anaona kunkhondo tsiku loyamba. Mayi akafuna kunena zimene asilikali anamuchita, mupezereni womasulira wamkazi amene si mnansi wake, ndipo tulutsani ena onse m'chipindamo asanayambe kulankhula.