Kodi Kubisa Ulesi wa Mnzathu Ndi Umunthu?

Tiyerekeze kuti ndinu mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya boma. Chaka chikutha, fomu yowunikira kagwiridwe ka ntchito ili patebulo panu. Mwini wake ndi mphunzitsi wa Sitandade 4 amene amafika dzuwa litakwera, Lachisanu nkusowa. Koma ndi yemweyo amene anagona pa maliro a mayi anu, mpingo wanu ndi umodzi, ndipo akazi anu amabwerekana mchere. Mulembapo chiyani?

Ambirife timangolemba kuti "amagwira bwino ntchito", nkusaina, nkhani yatha. Timati tachita umunthu. Ine ndikukana. Chifundo chimenecho mwachitenga m'thumba la wina. Amene walipira ndi ana aja omwe adzafike Sitandade 8 asakudziwa kuwerenga, mayeso a MANEB nkuwagwetsa. Walipiranso ndi mphunzitsi wa kalasi yoyandikana, uja amachonga makope mpaka madzulo, chifukwa pa pepala iye ndi waulesi uja afanana. Chaka chamawa alimbikirenso chifukwa chiyani?

Komatu musafulumire kunola cholembera. Kuweruza munthu kumafuna kuti poyamba munagwirizana naye chochita. Fomu imeneyi imayenera kuyamba kulembedwa chaka chikamayamba: nonse awiri kukhala pansi, kugwirizana zoti akwaniritse, pakati pa chaka nkuonanso pomwe mwafika. Ngati mwangoitulutsa mu kabati sabata yomaliza poti a ku ofesi ya maphunziro akuifuna, mukungolemba zomwe mukukumbukira, ndipo mtima umakumbukira msanga amene anakulonjerani bwino ndi amene anakuyankhani mwamwano.

Ndiye pali boma, mwini fomuyo. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, makalasi ambiri anadzaza mpaka ena kuphunzirira pansi pa mtengo. Mphunzitsi wa ana oposa 100, mabuku ochepa, choko chogula yekha, mumuyeza ndi muyezo uti? Mu 2014 boma linakhazikitsa komiti yokonzanso ntchito za boma, yomwe ankaitsogolera ndi malemu Saulos Chilima, ndipo maunduna anayamba kusaina mapangano a zomwe achite. Lingaliro lake labwino ndithu: naye wa ku Capital Hill ayezedwe. Pakuti wopempha zotsatira asanapereke zipangizo akukolola pomwe sanalime.

Chovuta china nchoti fomu ikapita, imathera kuti? Ngati wolimbikira akhala pa PT4 zaka ndi zaka, pamene wodziwana ndi akuluakulu akukwera, aliyense amazindikira kuti pepalalo ndi mwambo chabe, ndipo bodza lolembedwapo silimupwetekanso mtima.

Choncho mnzanu uja muitaneni mu temu yoyamba, awiriwiri, chitseko chotseka. Mufunseni chomwe chikumuchedwetsa. Mwina ndi ngongole za katapila, mwina akudwazika. Muuzeni zomwe mudzalembe zinthu zikapanda kusintha. Adzakwiya, inde, mwina miyezi ingapo osakupatsani moni wabwino ku tchalitchi.